Tiwaphunzitse chiyani madokotala ndi anamwino athu pa masamu a kafukufuku?

wa_ku_Chitakale

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumaphunzitsa masamu a kafukufuku. Pachipatala china kuno ku Mulanje tikukonza maphunziro aafupi a statistics, oti azichitika masana ntchito ya m'mawodi ikachepa. Obwera ndi ma clinical officer, anamwino, azamba ndi madokotala angapo, kuphatikizapo ena amene akulemba dissertation ku KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences) ndi ku koleji ya zaumoyo ya Malamulo. Tapatsidwa magawo 6, gawo lililonse maola awiri. Malaputopu ndi ochepa, intaneti ndi ya bandulo la m'thumba, za magetsi ndiye sindinenanso.

Chovuta n'chakuti anthuwa sakufuna chinthu chimodzi. Ena akufuna azitha kuwerenga lipoti la kafukufuku n'kudziwa ngati n'loyenera kulikhulupirira. Ena, makamaka a dissertation, akungofuna p-value yoti aike patebulo basi. Ndiye tiyambire pati? Tisiye ziti? Nanga pulogalamu ya pakompyuta titenge iti?

Namasamu_Makwasa

Achimwene, maola 12 ndi okwana ngati mwavomera kusiya zambiri. Magawo awiri oyamba kompyuta musaitsegule n'komwe. Pepala, cholembera ndi kakyuleta ya pafoni zakwana.

Yambani ndi tebulo la mabokosi anayi, lija la 2x2, chifukwa zambiri zimene dokotala amafuna zimatuluka m'menemo: sensitivity, specificity, predictive value, risk ratio, odds ratio. Muzilidzaza ndi anthu athunthu, osati maperesenti. Munthu mukamuuza kuti specificity ndi 95 peresenti amangogwedeza mutu mwaulemu, koma mukati "ana 1,000 abwera ku OPD", kolandirira odwala osagonekedwa, amayamba kuwaona anawo.

Nachi chitsanzo, manambala ake ndi ophunzitsira chabe. Tinene kuti chipangizo choyezera malungo chimapeza odwala 95 mwa 100 aliwonse (sensitivity ya 95 peresenti), ndipo mwa anthu 100 amene alibe malungo chimanamizira 5 (specificity ya 95 peresenti). Nyengo ya dzinja kwabwera ana 1,000 otentha thupi, 300 mwa iwo ali ndi malungo enieni. Chipangizo chipeza 285, chiphonya 15. Mwa ana 700 otsalawo chinamizira 35. Onse owonetsa positive akwana 320, ndipo alidi ndi malungo ndi 285, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse. Tsopano chipangizo chomwecho mupite nacho pagulu la anthu 1,000 pomwe odwala ndi 20 okha. Chipeza 19, chinamizira 49 mwa 980 aja. Owonetsa positive ndi 68, enieni ndi 19, osakwana 3 mwa 10. Chipangizo n'chomwecho, chimene chasintha ndi kuchuluka kwa nthenda pakati pa oyezedwa. Musawauze yankho, aliyense adzaze yekha mabokosiwo kawiri konse. Akamaliza afunseni chifukwa chake munthu sauzidwa kuti ali ndi HIV chipangizo chimodzi chokha chikawonetsa, komanso chifukwa chake bungwe la WHO linalangiza mu 2019 kuti zipangizo zitatu zosiyana zigwirizane motsatizana munthu asanauzidwe. Ayankha okha. Ma clinical officer akukumbutsaninso kuti mRDT, chipangizo choyezera malungo mwachangu, yodalira HRP2 (puloteni ya kachilombo ka malungo) imatha kuwonetsabe positive kwa milungu ingapo munthu atachira, ndipo apo ndi poyambira pabwino pokambirana gwero la ma false positive.

Gawo lachiwiri likhale la kufotokoza gulu la odwala. Lembani pabolodi masiku amene odwala 10 anagona m'wodi: 2, 2, 3, 3, 3, 4, 4, 5, 6, 48. Mean (avereji) ndi masiku 8, median (nambala yapakati mukawandandalika) ndi 3.5. Palibe wodwala ndi mmodzi yemwe amene anagona masiku 8. Wa masiku 48 uja ndiye wakoka avereji yonse. Masiku ogona m'chipatala, CD4, viral load, ndalama zimene banja lawononga, zonsezi zimapendekera mbali imodzi, choncho zimafuna median ndi interquartile range. Pomwepo onjezani kusiyana kwa relative risk ndi absolute risk. Mankhwala otsitsa imfa kuchoka pa 4 peresenti kufika pa 2, ndi ena otsitsa kuchoka pa 0.4 kufika pa 0.2, onse amalengezedwa kuti adula imfa ndi theka. Koma oyambawo mupatsa anthu 50 kuti mupulumutse mmodzi, achiwiriwo anthu 500. Amene amaona bajeti ya ku pharmacy amva msanga.

Confidence interval, malire osonyeza pomwe nambala yeniyeni ingakhale, ibwere p-value isanatchulidwe. Wodi ina amwalira 3 mwa odwala 20, ina 30 mwa 200. Zonse ndi 15 peresenti. Koma ya odwala 20 interval yake ya 95 peresenti ikuyambira pa 5 mpaka 36, pomwe ya 200 ikuyambira pa 11 mpaka 21. Munthu akaona kutambalala kumeneko sangakanganenso kumsonkhano wa m'mawa kuti wodi yakuti yaipa mwezi uno chifukwa cha imfa imodzi yowonjezera. Muwapatsenso lamulo la 3: ngati mwa odwala 30 palibe amene wapeza vuto ndi mankhwala, sizikutanthauza kuti vutolo kulibe. Gawani 3 ndi 30, mupeza kuti likhoza kumachitikabe mpaka kwa munthu mmodzi mwa 10.

P-value ipatseni mphindi 40 zokha, koma muimasulire molondola. Imayankha funso ili: zikanakhala kuti magulu awiriwa sakusiyana kwenikweni, kodi kusiyana kwakukulu ngati kumene tapezaku, kapena koposa apa, kukanapezeka kangati mongochitika? Sinena kuti mankhwala akugwira ntchito kwambiri bwanji, ndipo 0.03 sikutanthauza kuti mwayi woti mwalakwa ndi 3 peresenti. Yoposa 0.05 nayonso si umboni wakuti kusiyana kulibe. Kawirikawiri odwala anangochepa. American Statistical Association inatulutsa chikalata chochenjeza za zimenezi mu 2016, n'chachifupi, mukhoza kuchisindikiza n'kugawa. Masamu a mmene t-test imawerengedwera pamanja asiyeni, palibe adzawagwiritse ntchito.

wa_ku_Muloza

Mayi a ku Makwasa afotokoza bwino, koma ine ndikanachotsa gawo lathunthu n'kulipereka ku kaundula ndi nambala yapansi, denominator. Kafukufuku wambiri wa m'zipatala zathu amafera pamenepo, asanafike n'komwe pa test iliyonse.

Chiwerengero cha anthu a dera la chipatala chimachokera pa kalembera wa 2018 wa National Statistical Office, n'kumachiwonjezera chaka ndi chaka mongoyerekeza. Koma zipatala za kufupi ndi malire a Muloza zimalandiranso odwala ochokera mbali ya Milange ku Mozambique. Iwowa amalowa pa nambala yapamwamba, pansi palibe. Ndiye mukaona mu DHIS2, pulogalamu yosungira malipoti a zipatala, kuti katemera kapena obereka pachipatala apitirira 100 peresenti, musathamangire kuyamika kapena kukalipira kalaliki. Funsani kaye kuti owerengedwawo ndi a kuti. M'maesiteti a tiyi a ku Mulanje ndi Thyolo anthu amachuluka nyengo yothyola tiyi, ikatha ena amabwerera kwawo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atadula misewu ndi milatho, wina akhoza kuona graph ya odwala a mwezi umenewo yatsika n'kunena kuti matenda anachepa, pomwe anthu analephera kufika kuchipatala. Zitsanzo ngati izi ophunzira anu akuzidziwa kale, ntchito yanu ndi kungowapatsa dzina la vutolo.

Imfa za amayi oyembekezera zikhalepo ndithu, chifukwa azamba amafunsidwa za izo nthawi zonse. Zimawerengedwa pa ana 100,000 obadwa amoyo. Chipatala chobadwitsa ana 1,000 pachaka chikataya amayi 2 nambala ndi 200. Chaka chotsatira akakhala 4 yafika 400. Papepala zikuoneka ngati zinthu zaipa kawiri, koma interval ya imfa ziwiri zija ikuyambira pa 24 mpaka kupitirira 700. Imfa iliyonse iunikidwe payokha pa audit, koma kuyerekeza zaka kapena zipatala ndi manambala ochepa chonchi n'kudzinamiza. Phatikizani zaka zingapo.

China chofunika ndi confounding, pomwe chinthu chachitatu chimasokoneza kufananitsa magulu, ndipo chitsanzo chake chili pakhomo pomwe. Yerekezani chipatala chachikulu cha boma ndi chipatala chaching'ono, chilichonse odwala 500, manambala ongopeka. Chachikulu chalandira odwalitsitsa 400, amwalira 40, ndi odwala pang'ono 100, wamwalira mmodzi. Chaching'ono chalandira odwalitsitsa 50, amwalira 10, ndi odwala pang'ono 450, amwalira 9. Mukaphatikiza, chachikulu ndi 8.2 peresenti, chaching'ono 3.8. Mukagawa, chachikulu chapambana mbali zonse ziwiri: 10 peresenti poyerekeza ndi 20 kwa odwalitsitsa, 1 poyerekeza ndi 2 kwa enawo. Ambulansi ndiyo yasokoneza masamu, poti imanyamula odwalitsitsa kupita nawo kuchipatala chachikulu. Amene wamvetsa tebulo limeneli wamvetsa chifukwa chake timachita adjust, ngakhale asanaone regression.

Kwa amene akufufuza za ma ARV, muwachenjeze za mawu oti defaulter. M'kaundula angotanthauza kuti munthu sanabwere kudzatenga mankhwala pa nthawi yoikika. Mkati mwa gulu limenelo muli amene anasiyadi, amene anamwalira kumudzi osanenedwa, ndi amene akulandira mankhwala kuchipatala china popanda kalata yosamukira. Onsewa mukawachotsa ngati censored (ongosiya kuwatsatira) pa Kaplan-Meier, graph yosonyeza otsala amoyo nthawi ikamapita, imfa zioneka zochepa kuposa zenizeni, chifukwa amene anasowa chifukwa chodwalitsitsa mwawatenga ngati ofanana ndi amene akubwerabe. Njira yake ndi kusankha ena mwa osowawo mwa random, kuwalondola kudzera mwa ma HSA (alangizi a zaumoyo a m'midzi) kapena ma expert client (omwa ma ARV amene amathandiza anzawo), n'kukonza nambala malinga ndi zomwe zapezeka.

Pa ntchito ya m'kalasi, tengani mafotokope a masamba a kaundula, mayina, midzi, manambala a foni ndi a odwala ataphimbidwa musanajambule. Magulu awiri alowetse tsamba lomwelo mu Excel mosaonerana, kenako afananitse. Malamulo ake ndi ochepa. Mzere umodzi ukhale munthu mmodzi, kolamu imodzi chinthu chimodzi. Musaphatikize mabokosi, ndipo musagwiritse mtundu wa utoto ngati chizindikiro, chifukwa pulogalamu yowerengera siiona utoto. Madeti alembedwe njira imodzi: 03/04 kompyuta ina iwerenga 3 Epulo, ina 4 Malichi, ndipo masiku ogona m'wodi amatuluka ndi minus. Pomwe kaundula sanalembe siyani popanda kanthu. 99 kapena 999 yoikidwa kuimira zosalembedwa ikaiwalika pa kolamu ya zaka kapena kulemera imalowa mu mean mwakachetechete. Zaka za ana mugwirizane ngati ndi miyezi kapena zaka, 6 yokha siinena kanthu. Pomaliza ajambule histogram ya zaka ndi ya BP. Aona milu pa 30, 35, 40 ndi pa 120, 130, 140, chifukwa anthu ambiri amangoyerekeza zaka zawo ndipo woyeza amakonda nambala yothera ndi 0. Ngati malire a hypertension ali pa 140, chizolowezi chimenecho chokha chikhoza kusuntha anthu ambiri kuchoka gulu lina kupita lina.

wa_ku_Bvumbwe

Akuluakulu anga, ndikugwirizana nanu, kupatula pamodzi. A dissertation aja musawanyoze kuti akungofuna p-value. Komiti yowunika proposal idzawafunsa sample size ndi njira ya analysis, ndipo mukapanda kuwaphunzitsa adzakopera ndime ya mnzawo wa chaka chatha. Magawo awiri omaliza akhale awo, enawo azimvera nawo.

Nambala ya 384 kapena 385 imene mumaiona pafupifupi mu proposal iliyonse imachokera apa: 1.96 kuchulukitsa ndi 1.96, kuchulukitsa ndi 0.5 ndi 0.5, kugawa ndi 0.05 kuchulukitsa 0.05. Zimatuluka 384.16, ndiye timakweza kufika 385. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kuyerekeza kuchuluka kwa chinthu chimodzi pagulu, molakwitsa osaposa 5 peresenti uku ndi uku, anthu atasankhidwa mmodzimmodzi mwa random. Mukasankha midzi kaye, kenako anthu 20 m'mudzi uliwonse, anthu a mudzi umodzi amafanana: chitsime chimodzi, dambo limodzi la udzudzu, HSA mmodzi. Apo pamafunika design effect, yomwe ndi 1 kuphatikiza 19 (anthu 20 aja kuchotsa mmodzi) kuchulukitsa ndi intracluster correlation, muyeso wa kufanana kwa anthu a mudzi umodzi. Ikakhala 0.05 yankho ndi 1.95, titi 2, ndiye 385 yasanduka 770. Mukayembekeza kuti munthu mmodzi mwa 10 akana kapena sapezeka, gawani ndi 0.9, mupeza 856. Ambiri amangowonjezera 10 peresenti pamwamba, zomwe zimapereka 847, yoperewera pang'ono.

Pofananitsa magulu awiri 385 ija ilibe ntchito. Kuti muone kusiyana kwa 20 peresenti ndi 10 peresenti, ndi power (mwayi wopeza kusiyanako ngati kulipodi) ya 80 peresenti, pafunika anthu pafupifupi 200 gulu lililonse. Kusiyana kukakhala kwa 20 ndi 15, pafunika oposa 900 gulu lililonse. Wophunzira akaona zimenezi amadziwa yekha kuti funso lake silingayankhidwe ndi mafayilo a miyezi itatu a wodi imodzi.

Kuchuluka kwa anthu sikuchiza kusankha kolakwika. Zili ngati kulawa mchere m'ndiwo: supuni imodzi yakwana ngati mwatakasa, koma osatakasa ngakhale mutalawa chipande chonse cha pamwamba simudziwa za pansi pa mphika. Odwala 2,000 a ku OPD amakuuzani za anthu amene amatha kufika ku OPD, osati za anthu onse a m'dera la mfumu yaikulu Mabuka kapena Bvumbwe.

Odds ratio muikhalire pansi, imasokoneza ngakhale madokotala akuluakulu. Gulu lina 60 mwa 100 adwala, lina 40 mwa 100. Risk ratio ndi 1.5, odds ratio ndi 2.25. Wolemba akati chiopsezo chachuluka kuposa kawiri, wanama. Ziwirizi zimayandikana nthenda ikakhala yosowa, pansi pa 10 peresenti kapena apo, koma malungo, kuchepa kwa magazi ndi kupinimbira kwa ana kuno si zosowa. Pa logistic regression, chofunika kuwerenga ndi anthu amene chinthucho chawachitikira, osati odwala onse. Lamulo lakale limati pafupifupi 10 pa variable iliyonse: imfa 35 zikulolani ma variable atatu, osati 15. Ndipo ma variable asankhidwe ndi nzeru zachipatala data isanaonedwe. Kuyesa zinthu 20 n'kutola zimene zatsika pansi pa 0.05 ndi msampha, chifukwa ngakhale patakhala palibe chilichonse chenicheni, mwayi woti chimodzi chiwoneke significant ndi 64 peresenti.

Za pulogalamu: Stata ndi SPSS n'zogula. Pa maphunziro aafupi ngati awa jamovi ndi yabwino, ndi yaulere, imagwira popanda intaneti, ndipo munthu amangodina osalemba code. Ikani pa flash, muilowetse m'malaputopu onse tsiku la maphunziro lisanafike, apo ayi ola loyamba lithera pamenepo. Awiri atatu amene apitirize ndi kafukufuku muwalozere ku R, chifukwa script imasunga chilichonse chimene chachitidwa pa data ndipo supervisor akhoza kubwereza. Excel ikhale yolowetsera ndi kuyeretsera basi. Posonkhanitsa data m'midzi KoboCollect kapena ODK pafoni zimagwira popanda netiweki, ndipo mukhoza kuika malire kuti munthu asalembe kulemera kwa khanda 32 kg pofuna kulemba 3.2.

wa_ku_Chitakale

Zikomo kwambiri mayi ndi abambo, ndandanda yayamba kuoneka. Katsala kafunso kamodzi. Ambiri mwa a dissertation akufuna kuchita za "tisanayambe ndi titayamba", monga BP ya odwala asanalowe m'kalabu ya matenda okhalitsa ndi patatha miyezi 6, kapena malungo tisanagawe maneti ndi titagawa, ndipo data yake ndi ya m'mafayilo akale. Tiwalangize zotani?

Namasamu_Makwasa

Pali zitatu, achimwene. Choyamba n'chaching'ono: BP ya munthu yemweyo yoyezedwa kawiri si magulu awiri. Werengani kusiyana kwa munthu aliyense, mugwiritse paired t-test, kapena Wilcoxon signed-rank ngati kusiyanako kwapendekera. Za inde kapena ayi pa munthu yemweyo ndi McNemar, osati chi-square wamba.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Anthu amalowa m'kalabu chifukwa tsiku lomwe anayezedwa BP inali yokwera, ndipo ena mwa iwo linangokhala tsiku loipa: anayenda mtunda wautali kukwera zitunda, anali ndi ululu, kapena mantha a chipatala. Mukawayezanso, avereji ya gululo itsika ngakhale musanawachitire kanthu. Imeneyi ndi regression to the mean, ndipo p-value yake imatuluka yokongola. Amene anasiya kubwera nawonso sali m'fayilo ya miyezi 6, choncho lembani kuti anayamba angati, atsala angati, ndipo osowawo anali otani poyamba. Pa malungo mdani ndi nyengo: Febuluwale simungamufananitse ndi Ogasiti. Fananitsani miyezi yofanana ya zaka zosiyana, mujambule mwezi ndi mwezi kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mupeze dera lina lofanana lomwe silinalandire kanthu pa nthawiyo kuti likhale lofananitsira. Onaninso ngati panali miyezi yomwe ma mRDT anatha, chifukwa mwezi wotero odwala otsimikizika amatsika okha.

Chachitatu, mafayilo akale nawonso amafuna chilolezo. Ophunzira a KUHeS amadzera ku komiti ya yunivesiteyo yowunika kafukufuku, yomwe yakhala ikudziwika kuti COMREC, ena ku NHSRC, komiti ya dziko lonse yowunika kafukufuku wa zaumoyo, kapena komiti yovomerezeka ya sukulu yawo, ndipo pamafunikanso kalata ya akuluakulu a zaumoyo a boma la Mulanje kapena a chipatala chomwe chikusunga mafayilowo. Chilolezo chitengedwe data isanatoledwe. Mu proposal yomweyo ajambuliretu matebulo opanda manambala, mitu ndi mizere zili kale, n'kuwafananitsa ndi mndandanda wa STROBE, wa zinthu zoyenera kupezeka mu lipoti la kafukufuku wa mtundu umenewu. Tebulo limene sangathe kulijambula lopanda kanthu likusonyeza variable imene palibe pa fomu yawo yotolera data, ndipo aiwonjezere asanapite kuchipinda cha mafayilo.